Ndinachepetsa feteleza n'kugula botolo: zomwe zinachitikira nzimbe zanga

Nzimbe zanga zinayamba kubwerera m'mbuyo pang'onopang'ono, moti poyamba sindinade nkhawa. Aliyense wolima nzimbe amadziwa kuti zophukira pa zitsa sizifanana ndi zobzala kumene, ndipo ukamadula chaka ndi chaka matani amatsikako ndithu. Koma kwa ine kutsikako kunapyola muyezo. Nzimbe zinali zowonda, mipindi yake ifupiifupi, ndipo m'mizere munali mipata yambiri pomwe zitsa zinafa. Nthawi yomweyo feteleza ankakwera mtengo pomwe malipiro ochokera ku fakitale ankachepa. Ndinafika poti usiku ndinkangowerengera ngongole m'malo mogona.

Ndili m'maganizo amenewa, pa msonkhano wina wa alimi panabwera munthu wogulitsa zipangizo zaulimi. Ananyamula mabotolo ndi zithunzi za mizu ya nzimbe: ina yochepa, ina yambirimbiri yoyera bwino. Anati mankhwalawo ndi ma biostimulant, opangidwa kuchokera ku zinthu zachilengedwe, ndipo amadzutsa mbewu kuti izidya bwino ndi kupirira chilala. Mpaka pamenepa sananame. Pomwe anandisokeretsa ndi pomwe tinali awiri pambali, ine nditamufotokozera mavuto anga.

"Bambo, musavutike," anatero. "Mukapopera kawiri, feteleza mutha kuchepetsa ndi theka, nzimbe sizizindikira n'komwe."

Munthu amene ali pa ngongole amamva zomwe akufuna kumva. Ndinagula mitundu iwiri. Wina unali madzi akuda bii, onunkha ngati nsomba, opangidwa kuchokera ku ndere za m'nyanja yamchere; pa chizindikiro panalembedwa kuti Ascophyllum nodosum, mtundu wa ndere zomera m'magombe ozizira a nyanja ya Atlantic, monga ku Norway, Ireland ndi Canada. Wina unali ufa wakuda wa humic acid, womwe nthawi zambiri amautenga ku leonardite, mtundu wa malasha ofewa. Ndalama zake ndinachotsa pa ndalama za feteleza. Mayi a kunyumba ataona mabotolowo anandifunsa kuti, "Abambo, timabotolo timeneti tilowe m'malo mwa matumba onse aja?" Ndinawayankha kuti ulimi wasintha masiku ano. Iwo anangoti, "Chabwino," n'kupitiriza zomwe ankachita.

Ndinapopera munda wonse, osasiya ngakhale mzere umodzi. Patapita masiku angapo masamba anabiriwira mooneka, ndipo mtima unakhala m'malo. Ndinkayenda m'munda m'mawa uliwonse ndikudziuza kuti ndatulukira chinsinsi. Ndinauzanso anzanga awiri kuti agule, chinthu chomwe chimandipweteka mpaka lero.

Chisangalalocho chinatha nzimbe zitafika pa msinkhu wokula mofulumira, cha m'mwezi wachinayi kupita m'tsogolo, pomwe zimafuna chakudya ndi madzi ambiri. Masamba a m'munsi anayamba chikasu, kenako munda wonse unayezuka. Ana ambiri omwe anaphuka pa zitsa anauma asanakhale nzimbe. Ndinapoperanso kachiwiri monga anandiuzira, koma sizinaphule kanthu. Nditaona kuti zinthu zathina ndinakongola ndalama n'kugula urea, koma nthawi inali itapita kale. Kulowa m'mizere kunali kovuta, aganyu ankatuluka manja ndi nkhope zili zochekekachekeka ndi masamba, ndipo anandilipiritsa mokwera. Nzimbe zinabiriwiradi, koma nayitrojeni wothira mochedwa amachititsa kuti nzimbe zizingokula masamba m'malo mosunga shuga. Pokolola ndinaluza pawiri: matani anali ochepa kuposa chaka chapitacho, ndipo shuga yemwe anayeza ku fakitale analinso wotsika. Popeza malipiro amatengera shuga osati kulemera kokha, zomwe ndinalandira zinathera ku ngongole.

Pali kasamu kakang'ono komwe ndikanachita tsiku logula lija, ndalama zanga sizikanalowa m'madzi. Thumba la urea la makilogalamu 50 lili ndi nayitrojeni wokwana makilogalamu 23, chifukwa urea ndi 46 peresenti. Hekitala imodzi ya nzimbe kawirikawiri imafuna nayitrojeni woposa makilogalamu 100 pa nyengo. Madzi a ndere amalembedwa kuti upopere malita ochepa chabe pa hekitala. Ngakhale botolo lonselo likanakhala nayitrojeni yekhayekha, likanangokhala kachigawo kakang'ono ka thumba limodzi. Ma biostimulant si chakudya cha mbewu. Ngakhale lamulo la mayiko a European Union la 2019/1009 limawafotokoza ngati zinthu zolimbikitsa kadyedwe ka mbewu mosatengera michere yomwe ili m'kati mwake: kuthandiza mbewu kugwiritsa bwino ntchito chakudya, kupirira chilala kapena kutentha, kukonza ubwino wa zokolola, ndi kumasula michere yomangika m'nthaka. Zili ngati munthu wodwala amene wamwa mankhwala obwezeretsa chilakolako cha chakudya koma m'nyumba mulibe chophika.

Chinanso chomwe chinandizunguza ndi chakuti sindikanatha kunena ngati mabotolo aja anathandizako kapena ayi. Ndinapopera paliponse, ndinachepetsa feteleza paliponse. Panalibe poyerekezera.

Zinthu zinatembenuka mlangizi wa nzimbe atabwera kumunda. Ndinkayembekezera kuti andinyoza chifukwa cha mabotolo, koma iye sanawayang'ane n'komwe. Anapempha chikwanje, n'kudula nzimbe imodzi yokhwima pansi penipeni, n'kuing'amba cham'litali. Anandiitana kuti ndiyang'anitsitse pa mfundo za m'munsi. Pansi pa mfundo iliyonse panali timadontho tofiirira, tina tokhota pang'ono, tondondozana m'lifupi mwa nzimbe. Ndinali nditang'ambapo nzimbe zambirimbiri pa moyo wanga, koma ndinali ndisanatione.

"Achikulire, apa ndikukayikira matenda ofupikitsa nzimbe zophukira, aja timati RSD," anatero. "Titumize zitsanzo akayeze kuti titsimikize, chifukwa maso okha amanamiza. Koma ngati ndi amenewa, olo mupopere chiyani, madzi sakukwera bwino m'nzimbemu."

Anandifotokozera kuti matendawa amayamba ndi bakiteriya wotchedwa Leifsonia xyli, yemwe amakhala m'timitsempha tonyamula madzi. Kunja nzimbe siionetsa chizindikiro chodziwika, imangokhala yaifupi ndi yowonda, makamaka madzi akachepa. Amafala kudzera m'mbewu yodwala komanso pa zikwanje: ukadula nzimbe yodwala n'kudula yabwino, wapatsira. Ine mbewu ndinkangotenga kwa mnzanga kapena m'munda mwanga momwemo, ndipo zikwanje sindinaziviikepo m'mankhwala chiyambire.

Kenako anandiuza kuti tikumbe dzenje pakati pa mizere. Khasu linalowa bwino pamwamba, koma titafika pansi pang'ono linayamba kudumpha. Mizu inali itafika pa dothi lolimbalo n'kukhotera m'mbali, yophwatalala, ina yakuda yowola. Magalimoto ndi mathirakitala onyamula nzimbe omwe ankalowa m'munda dothi lili lonyowa ndi amene anapanga chiguma chimenecho. Tinatenganso dothi kuti akaliyeze.

Zotsatira zinachedwa kwambiri, mpaka ndinayamba kuganiza kuti zitsanzo zinatayika. Zitabwera zinatsimikiza matendawo, ndipo zinaonetsanso kuti dothi linali ndi asidi wambiri komanso potashi wochepa. Izi zinandidabwitsa chifukwa ine maganizo onse anali pa urea, chonsecho nzimbe zimachotsa potashi wambiri m'nthaka chaka chilichonse.

Chisankho chinali chowawa: kuzula zitsa, kung'amba chiguma chija ndi pulawo yozama, kuthira laimu, kusiya munda upume kuti zotsalira zodwala zife, kenako kubzala mbewu yoyera, yopanda matenda. Sindikanakwanitsa munda wonse nthawi imodzi, choncho ndinayamba ndi gawo lomwe linali loipitsitsa. Gawo limenelo silinandipatse kalikonse kwa nyengo yathunthu. Mbewu yoyera nayonso inali yodikirira pa mzere. Imachokera ku nazale komwe zidutswa zake zimayamba zaviikidwa m'madzi otentha madigiri 50 kwa maola awiri kuti bakiteriya afe, ndipo ofuna anali ambiri. Ndinaipeza mochedwa, moti kubzala kunagwera m'nyengo yozizira pomwe nzimbe zimamera mwaulesi. Nyengo imeneyo m'nyumba munali movuta, ndipo mawu oti biostimulant sindinkafuna kuwamva.

Mlangizi yemweyo ndi amene anandibwezera ku mabotolo. Anati zinthuzi si zabodza, koma zimaoneka ntchito yake pomwe zofunika zina zonse zili m'malo, ndipo sizigwira mofanana pa dothi lililonse kapena pa mtundu uliwonse wa nzimbe. Anandilangiza kuti ndiyese pa mizere yochepa, feteleza akhale wokwanira paliponse, ndipo pakati pake ndizisiya mizere yosathira kanthu. Anatsindika kuti ndibwereze kuyesako m'malo angapo a munda, kumtunda kwa mchenga ndi kumunsi kwa dothi lakuda, ndipo ndisagwiritse ntchito mizere ya m'mphepete chifukwa imeneyo imakula bwino nthawi zonse. Ndinakhoma zikhomo zopaka utoto n'kulemba zonse m'kope. Kope limeneli musalipeputse. Pakatha miyezi khumi simungakumbuke kuti mzere uti munathira chiyani.

Ndinayesa zinthu zinayi. Kwina ndinaviika zidutswa za mbewu, za maso atatuatatu, m'madzi a ndere osungunula monga mwa chizindikiro ndisanaziyale m'ngalande. Ulendo uno ndinapeza opangidwa kuchokera ku Ecklonia maxima, ndere zikuluzikulu za m'magombe a kumwera kwa Africa. Kwina ndinathira humic acid m'ngalande. Kwina ndinathira matope akuda otsala posefa madzi a nzimbe ku fakitale, omwe anali atawolerana bwino. Ndipo kwina ndinayesa mabakiteriya amoyo ogulitsidwa m'paketi.

Za mabakiteriyawa ndinali ndi chiyembekezo chachikulu, chifukwa nkhani yake ndi yeniyeni. Mu 1988 ku Brazil, dziko lomwe limalima nzimbe zambiri kuposa lina lililonse, katswiri Johanna Döbereiner ndi mnzake Vladimir Cavalcante anafotokoza za bakiteriya wokhala m'kati mwa nzimbe, yemwe amapirira shuga wambiri ndipo amatha kutenga nayitrojeni wa mumpweya. Lero amatchedwa Gluconacetobacter diazotrophicus. Palinso Azospirillum brasilense, yemwe amadziwika kwambiri pa kulimbikitsa mizu. Koma izi ndi zamoyo, ndipo zimafa. Paketi yanga inayenda pamwamba pa katundu dzuwa likuswa mtengo, kenako inakhala m'nyumba yotentha podikira mbewu yochedwa ija. Tsiku lobzala ndinaisungunula ndi madzi a pa mpopi okhala ndi klorini, ndipo zidutswa zomwezo zinali zitaviikidwa kale m'mankhwala opha mafangasi popanda kufunsa ngati ziwirizi zimagwirizana. Mizere imeneyo sinasiyane ndi yosathira. Sindinganene kuti mabakiteriya sagwira ntchito. Ndikukhulupirira kuti anga anafika m'nthaka atafa kale.

Humic acid nayenso anandiphunzitsa kanthu. Pofuna kupulumutsa ndalama ya aganyu, tsiku lina ndinamusakaniza mu sipuleya imodzi ndi feteleza wosungunuka wokhala ndi kashiamu. Posakhalitsa sipuleya inayamba kutsokomola, n'kusiyiratu. Titatsegula tinapeza phala lakuda litakhazikika pansi, sefa ndi kamwa yopoperayo zitatsekeka. Tinataya mankhwala onse ndi theka la tsiku tikutsuka. Chilichonse chomwe mukufuna kusakaniza, yambani mwayesa m'kabotolo koonekera: thirani madzi ndi timiyezo tating'ono ta zinthuzo, khutchumulani, dikirani kanthawi. Mukaona zikulekana kapena kupanga zibuma, musazithire mu sipuleya.

Pa mizere ya ndere ndi pomwe ndinaona chinthu ndi maso anga. M'nyengo yozizira ija, zidutswa zoviikidwa zinatulutsa mphukira msanga ndiponso mofanana, pomwe mizere yosathira inali ndi mipata yomwe inadzadza mochedwa. Nditafukula zidutswa zingapo, zoviikidwazo zinali ndi mizu yambiri yoyera kuzungulira mfundo. Ndinapoperanso masamba nzimbe zitafika m'mawondo, n'kubwerezanso patapita mwezi, mizere isanatsekane. Ndinkapopera m'mamawa kapena dzuwa litapepa, ndikuthiramo mankhwala omatitsa, chifukwa tsamba la nzimbe lili ndi phula ndipo madontho amangotsetsereka.

Kunena zoona, pofika mwezi wachisanu ndi chimodzi kusiyanako kunali kutazimirira. Munthu wodutsa sakanaloza kuti mizere yothira ndi iti. Ndinagwanso mphwayi. Kenako injini yopopa madzi inawonongeka nthawi yotentha, ndipo chipangizo chake chinatenga nthawi kuti chipezeke. Nzimbe ndi mbewu yakumwa kwambiri, imafuna madzi a pakati pa mamilimita 1,500 ndi 2,500 pa nyengo, choncho munda wonse unavutika. Masamba anapindika paliponse. Komabe mizere ya ndere ndi ya matope a ku fakitale inachedwerako kupindika, ndipo madzi atabwerera inatsitsimuka msanga. Sikuti inapulumuka osakhudzidwa, ayi. Chilalacho chikanapitirira, zonse zikanapsa limodzi.

Pokolola sindinadalire maso. Pa mzere uliwonse woyesera ndinayeza mamita 10, n'kuwerenga nzimbe zokhwima, n'kuzidula ndi kuziyeza pa sikelo. Mlangizi anabwera ndi kachipangizo koyezera kutsekemera kotchedwa refractometer, komwe umadonthezapo madzi a nzimbe n'kusuzumira, ndipo tinayeza m'munsi ndi kumtunda kwa nzimbe iliyonse. Manambala awiriwa akayandikana ndiye kuti nzimbe yakhwima.

Zomwe zinatuluka zinandichititsa manyazi pang'ono ndi kundisangalatsa nthawi imodzi. Mizere yosathira biostimulant iliyonse, yomwe inangolandira mbewu yoyera, dothi long'ambidwa, laimu ndi feteleza wokwanira, inaposa kutalitali munda wakale uja. Phindu lalikulu linachokera pamenepo. Pamwamba pa phindu limenelo, mizere ya ndere inalemerako pang'ono, mokwanira kubweza ndalama ya botolo ndi ya opopera n'kutsalako kenakake. Kutsekemera sikunasiyane kwenikweni. Humic acid anaonekako kumtunda kwa mchenga, koma ku dothi lakuda sanasinthe kalikonse, mwina chifukwa dothi limenelo lili kale ndi zowolerana zambiri. Matope a ku fakitale anaposa humic acid m'malo onse awiri, ngakhale kuti kuwanyamula ndi kuwamwaza kunadya ndalama ndi mphamvu. Zimenezi n'zomveka, chifukwa matopewo ali ndi fosifolasi ndi kashiamu, ndiye kuti ndi chakudya ndithu osati cholimbikitsa chabe.

Izi ndi za munda umodzi ndi mtundu umodzi wa nzimbe. Mnzanga wina amene anayesa madzi a ndere omwewo pa dothi lake lachonde, lothiriridwa bwino, sanaone kusiyana kulikonse, ndipo sindimutsutsa. Mmene ndaonera ine, zinthuzi zimaonekera kwambiri pomwe mbewu ikukumana ndi vuto lapakatikati, monga kuzizira pomera kapena kuchepa kwa madzi kwa kanthawi. Pomwe zonse zili bwino, kapena pomwe zonse zawonongeka, ndalama yake siibwerera.

Ndinayesakonso zopanga ndekha. Masamba anthete a chamwamba ali ndi zeatin, chimodzi mwa zinthu zolimbikitsa kukula kwa zomera. Ndinkawasinja, kufinya, kusefa ndi nsalu kawiri kuti asatseke sipuleya, kusungunula ndi madzi ambiri, n'kupopera tsiku lomwelo chifukwa akagona amasasa. Pa kanazale kanga ka mbewu ndimachitabe zimenezi. Koma pa munda waukulu, masamba ofunika ndi ntchito yosinja zimachuluka kwambiri, ndipo mphamvu yake siifanana tsiku ndi tsiku. Amene ali ndi kamunda kakang'ono akhoza kupindula nazo kuposa ine.

Pa zophukira za chaka chotsatira ndinasintha zingapo. Zikwanje zimaviikidwa m'mankhwala opha tizilombo tisanalowe gawo lina, ndipo timayamba kudula gawo la mbewu yoyera tisanapite ku lakale. Magalimoto salowa dothi likakhala lonyowa, ngakhale woyendetsa akwiye. Pomwe ndingathe kudula osatentha, masamba ouma ndimawasiya pakati pa mizere kuti asunge chinyezi ndi kuwolerana. Feteleza yense wa nayitrojeni amalowa m'miyezi yoyambirira, ndipo miyezi yomaliza sindipopera chilichonse chokhala ndi nayitrojeni, kuphatikizapo ma biostimulant a ma amino acid, kuti nzimbe zikhwime. Madzi a ndere ndimagula pokhapokha ndalama ya feteleza, laimu ndi kupalira itakwana. Chaka chomwe sinakwane, sindinagule.

Pogula ndimawerenga chizindikiro mofatsa. Ndimafuna kuona dzina la ndere kapena la bakiteriya, kuchuluka kwake, tsiku lotha ntchito, muyezo wa pa hekitala wa nzimbe, ndi umboni woti ndi zololedwa kugulitsidwa. Botolo longolembedwa kuti ndi lachilengedwe, osanena zomwe zili m'kati, ndimalisiya. Mabotolo ena amathiramo nayitrojeni pang'ono, ndipo ndikuganiza kuti kubiriwira kwa masiku ochepa komwe kunandinamiza chaka choyamba kunachokera pamenepo. Kupyola muyezo wolembedwa sikuwonjezera phindu. Ndinayesapo kuwirikiza pa mizere iwiri ndipo sikelo sinaonetse kanthu.

Gawo lomaliza la munda wakale ndalizula chaka chino. Ndikuyesanso mabakiteriya aja, koma ulendo uno ndawagula mbewu itafika kale, paketi ikusungidwa pozizira, madzi osungunulira ndi a pachitsime, ndipo zidutswa za mizere yake sindiziviika m'mankhwala a mafangasi. Mlangizi wandiuza kuti pa mizere iwiri yokha ndichepetseko urea pang'ono kuti tione ngati mabakiteriyawo angakwaniritse chotsalacho, popeza nayitrojeni wochuluka amawafooketsa. Mizere ina yonse ilandira feteleza wathunthu, ndipo zikhomo ndakhoma kale.